Wailesi ya Apongozi Inkamwa Kachasu

Ndinalowa chikamwini kunyanja nkhondo yapachiweniweni ili pakati, pamudzi wina wa asodzi kumwera kwa Metangula, panjira yopita ku Meluluca. Kwathu ndi kumtunda, kumapiri a ku Maniamba, kwa anthu a chimanga ndi chinangwa, ndipo anthu a kunyanja sankachedwa kundikumbutsa zimenezo. Bwato ndinalibe, khoka ndinalibe, ndipo ndikagwira nkhafi ana ankaseka kuti ndikutakasa phala. Chimene ndinabwera nacho ndi kachikwama ka zida: sikuludiraiva, pulayala, ndi chitsulo chosungunulira mtovu chimene ndinkatenthetsa pamakala. Ntchito yokonza mawailesi ndinaiphunzira ku Lichinga msewu usanaipe, ndipo ndinkainyadira mopitirira muyeso.

Banja la mkazi wanga linali la Chisilamu kuyambira makolo, anthu a malonda ndi makoka. Kuti andipatse mwana wawo ndinalowa Chisilamu, ndipo ndinalowa ndi mtima wonse. Apongozi anga aamuna anali munthu wosayankhula kawiri, wamkanjo woyera, woti akamadutsa pamchenga anyamata ankabisa fodya kumbuyo. Anandilandira, koma ankandiyang'ana ngati nsomba imene sakuidziwa dzina: kutaya ayi, kudyanso ayi.

Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi yekha, mlamu wanga. Asilikali atayamba kugwira anyamata m'madoko, iye anawoloka kupita ku Likoma, ndipo tinangomva mphekesera zoti anapitirira mpaka kutsidya lina la nyanja, m'kati mwa Malawi. Kenako kunali zii. Wailesi ya ku Malawi inali ndi nthawi yake masana, ikangopita swala, pemphero lathu la masana, yowerenga moni wa anthu ndi mauthenga a maliro. Apongozi aakazi ankakhulupirira kuti tsiku lina dzina la mwana wawo lidzamveka mmenemo, kaya kumbali ya moni, kaya kumbali inayo. Nthawi imeneyo ikakwana ankasiya chilichonse chimene chinali m'manja, ngakhale chinangwa chili mumtondo, n'kukhala pamkeka kudikira.

Wailesiyo inali yakale, yogulidwa kwa amalonda a ku Tanzania nthawi ya Apwitikizi. M'kati mwa wailesi mumakhala tizinthu totchedwa matiranzisita. A m'menemo anali amakedzana, tizitini tating'ono ngati njere ya chimanga, toima pa timiyendo ta waya. M'kachitini kalikonse muli kachibenthu ka mwala wina umene amati jerimaniyo. Mwala umenewu suli ngati waya wa kopa umene magetsi amangodutsa mwaufulu, sulinso ngati labala amene amawatsekereza. Uli pakati: umalola pang'ono, umakana pang'ono, malinga ndi mmene waulamulira. Moyo wa mkamwini ndi womwewo, ndiye ine ndi jerimaniyo tinkamvana. Vuto lake ndi limodzi, sapirira kutentha. Akatenthedwa amayamba kudontheza magetsi kumene sakuyenera, ndipo woyamba kufooka amakhala amene ali pakhomo penipeni, wolandira mafunde afupiafupi amene ife tinkati onda kuruta, chifukwa ndiye amagwira ntchito mothamanga kuposa anzake onse. Mawailesi atsopano anali ndi mwala wina, silisiyo, wopirira dzuwa. Koma zoterozo zinkapezeka ku Lichinga, ndipo ku Lichinga anthu ankapita pambuyo pa galimoto za asilikali, kubwerako mwamwayi.

Mabatire, amene kwathu timati mapilya, ankasowa kuposa mchere. Akatha, aliyense ankawayanika padzuwa pathandala pamodzi ndi usipa, ndipo ankatsitsimukadi pang'ono. Apongozi aamuna anaganiza mwanzeru zawo kuti ngati dzuwa limadyetsa mapilya, ndiye kuti lingadyetsenso wailesi yonse. Tsiku lina m'mwezi wotentha kwambiri uja mvula isanagwe, ndinabwera kuchokera kumunda n'kupeza wailesi ili chagada pathandala, yotentha yosagwirika. Kuyambira tsiku limenelo inasintha khalidwe. M'mamawa inkayankhula bwinobwino. Masana inkayamba, kunena mawu angapo, kenako mawu aja n'kumazilala mpaka kutsala mkokomo wokhawokha. Inkafa pa nthawi yeniyeni imene inkafunika.

"Akamwini, si inu mesitiri wa zimenezi?" anatero apongozi aamuna, osandiyang'ana. "Radiyo ikudwala m'nyumba muli sing'anga?"

Ndinkadziwa amene anaidwalitsa, koma mkamwini asamakule mwendo. Ndinangoti ndiona.

Ndinayesa kuikulunga m'nsalu yonyowa, sizinathandize. Kuthira madzi m'kati ndiye kuipha kumene. Kenako ndinakumbukira zimene tinkachita ku Lichinga pofufuza tiranzisita yodwala kutentha: tinkaidonthezera sipiriti, ndipo sipiriti akamauluka amachoka ndi kutentha. Koma sipiriti nthawi imeneyo analibe ngakhale a kuchipatala, mabala ankatsuka ndi madzi amchere. Chimene chinalipo ndi kachasu. Kuseri kwa mudzi, m'munsi mwa phiri, kunali misasa ya amayi a kwathu othawa nkhondo, ndipo ena ankatcheza kachasu kuti apeze chodyetsa ana. Ndinawapempha mutu wake, uja woyamba kudontha, woti ukauyandikizira moto umayaka. Ndinathira m'kabotolo ka mankhwala, ndinatsegula kumbuyo kwa wailesi, n'kudontheza kamodzi ndi kaudzu pa kachitini kaja. Mkokomo unang'ambika, munthu n'kuyamba kuyankhula ngati ali m'chipinda chomwecho. Ndinasangalala ngati ndabereka mwana. Chisangalalocho chinatha nditazindikira kuti dontho limodzi limangogwira kanthawi, ndipo pafunika kudontheza mobwerezabwereza mpaka mauthenga atha, tsiku lililonse, m'nyumba imene ngakhale dzina la mowa silinkatchulidwa.

Chimene chinandibisa ndi mwambo. Mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi ake aakazi, sayang'anana nawo, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Choncho palibe anadabwa nditanena kuti ndizikhala ndi wailesi kuseri kwa mpanda wa bango, iwo ali mbali inayo. Anthu mpaka anandiyamikira ulemu. Ine ndinkakhala chogwada, wailesi ili pamiyendo, kabotolo kali pakati pa mapazi, ndikumva apongozi aakazi akupuma kuseri kwa bango nthawi iliyonse wowerenga akayamba dzina latsopano.

Koma kachasu sabisika. Wamutu amalowa m'zala, m'malaya, m'ndevu. Komanso kukamutenga kunali kwa masana, aliyense akuona, chifukwa dzuwa likangolowa amilisiya sankalola munthu kuyenda. Mudzi wa asodzi uli ndi maso ambiri kuposa khoka. Posakhalitsa ana anayamba kudzandira dala ndikamadutsa. Amuna osoka makoka ankati, "Wakumtunda ndi wakumtunda basi, ungamusambitse bwanji." Kumzikiti, amene ankaima pafupi nane pamzere ankasiya kampata pakati pa phewa lake ndi langa, kampata kakang'ono koti nkhuku singadutse, koma ine ndinkakamva ngati chigwa. Ndinali ndisanalaweko ngakhale dontho chilowereni Chisilamu. Manyazi a chinthu chimene sunachite amawawa mwanjira yake, chifukwa sungathe ngakhale kulapa.

Mkazi wanga yekha ndiye ankadziwa. Anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndipo kudooko kochapira amayi anzake ankamuyimbira nyimbo za mkazi wa chidakwa. Tsiku lina anabwera maso ali ofiira, ine n'kunena kuti basi, ndikukawauza abambo ake zonse.

"Mukawauze chiyani?" anatero. "Kuti miyezi yonseyi akhala akumvera notisiya, nkhani zotuluka m'kachasu? Ababa aiponya m'nyanja radiyo imeneyo tsiku lomwelo. Ndiye amama mudzawauza chiyani ora ikakwana?"

"Nanga ine ndizingonunkha?"

"Pasiyensiya, bambo, pirirani. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Achimwene akangomveka, tisiya."

Ndinamvera, koma mkati ndinkawira. Ndine munthu wamtima wapachala, ndipo kupirira kwanga kuli ngati kwa jerimaniyo yemweyo.

Mlamu wanga sanamveke. Amene anamveka ndi amalume anga, nkhoswe yanga, amene ankakhala kumisasa kuja. Anabwera m'mawa wina atavala jekete lawo lokhalo, n'kundiuza kuti aitanidwa. Mlandu unakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo la apongozi, dzuwa lili pamutu. Panali ashehe, panali akuluakulu a mzikiti, panali ankhoswe a mbali zonse, ndipo kunja kwa mpanda kunadzaza anthu amene sanaitanidwe. Apongozi aamuna sanachulutse mawu. Anati anandipatsa mwana wawo, anandipatsa malo omanga, ndipo ine ndabweretsa haramu, chinthu choletsedwa, pakhomo pawo. Anati nditenge kachikwama kanga ndibwerere kwa anthu a kwathu, mwana akadzabadwa adzaleredwa ndi ambuye ake.

Ashehe anandifunsa ngati ndimagula kachasu. Ndinati inde. Anandifunsa ngati ndimamwa. Ndinati ayi. Kunja kwa mpanda kunamveka kuseka, ndipo wina anati mwina ndimasamba. Amalume anga anayang'ana pansi, akuchita manyazi m'malo mwanga, munthu amene anandilera. Pamenepo m'mutu mwanga munatentha. Ndinayang'ana mkazi wanga, amene anakhala pakati pa amayi, ndipo anapukusa mutu pang'ono, kundiletsa. Ndinamuona bwinobwino. Ndinadzuka.

Ndinakatenga wailesi, n'kuiika pakati pa bwalo, padzuwa. Ndinaitsegula, inayankhula pang'ono, n'kufa monga mwa masiku onse. Ndinachotsa chivundikiro chakumbuyo, ndinatulutsa kabotolo m'thumba, ndinakakweza m'mwamba kuti ngakhale a kunja kwa mpanda aone. Ndikanatha kungodontheza n'kukhala pansi. Koma pakamwa panga panali patatseguka. Ndinawafotokozera za jerimaniyo, za kutentha, za onda kuruta, ngati mphunzitsi pamaso pa ana. Ndinanenanso, anthu onse akumva, kuti wailesi inali yabwinobwino mpaka tsiku limene munthu wina anaiyanika pathandala ngati usipa. Kenako ndinadontheza. Mawu anabwerera mwamphamvu, munthu akuwerenga za mitengo ya fodya kutsidya.

Kenako kunja kwa mpanda mnyamata wina anati, "Ndiye chidakwa ndi radiyo ya achikulire," ndipo kuseka kunayenda mpaka kudooko. Ine ndinayang'ana apongozi aamuna ndikuyembekeza kukoma kwa kupambana. Anali atakhala mowongoka monga mwa nthawi zonse, manja ali pamaondo, koma ankayang'ana wailesi ija ngati mwana wawo amene wagwidwa akuba. Sindinawaonepo ochepa chotero. Ndinapambana mlandu, ndipo ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Ashehe anaweruza mofatsa. Anati ine sindinamwe, choncho ukwati ulipo. Koma anati mowa ndi najisi, chinthu chodetsa, kaya uli m'mimba mwa munthu kaya m'mimba mwa chitsulo, ndipo kuti pakamwa pa anthu patsekeke ndiyenera kulumbira pamaso pa onse kuti sindidzagulanso, kunyamula kapena kukhudza kachasu. Ndinalumbira msangamsanga, wokondwa kuti dzina langa layera. Kabotolo kanakhuthulidwa kunja kwa mpanda. Sindinaganize n'komwe za mawa lake masana.

Mawa lake masana apongozi aakazi anayala mkeka wawo pamalo a masiku onse. Ine ndinatsegula wailesi kuseri kwa bango. Inapereka moni kwa anthu awiri kapena atatu, n'kuzilala. Ndinaipepesera ndi chivundikiro cha mphika, ndinaiuzira ndi pakamwa, ndinaiika pamchenga wonyowa. Mkokomo wokhawokha. Iwo sanadzuke mpaka nthawi yonse ya mauthenga itatha, akumvetsera mkokomowo. Anachita chimodzimodzi tsiku lotsatira, ndi linzake. Sanadandaule, sanatume munthu kudzandifunsa kanthu. Anangoyamba kubweza chakudya chosakhudza, ndipo nsalu yawo inayamba kuzungulira thupi mopitirira. Mkazi wanga ankandipatsa madzi osamba ndi chakudya monga mwa masiku onse, koma nkhani zinatha pakati pathu. Kumzikiti mapewa anabwerera pafupi ndi langa, amuna osoka makoka anayamba kunditchula kuti mesitiri, ena n'kumabweretsa mawailesi awo akufa. Ulemu umenewo unkandinyansa.

Ndinafunafuna tiranzisita ina m'mawailesi akufawo. Ndinapeza za silisiyo ziwiri, koma wailesi yomangidwira jerimaniyo siilandira silisiyo mwachisawawa, pamafunika kusintha tizinthu tina tozungulira, ndipo ine ndinalibe. Ndinayenda wapansi mpaka ku Metangula, ndinabwerako chimanjamanja. Apongozi aamuna sanandiyankhulenso chichokereni pamlandu paja. Ankapita kumzikiti, kubwera, kukhala pakhonde, akuyang'ana akazi awo pamkeka.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachisanu. Anthu atatuluka mumzikiti, apongozi aamuna sanakhotere kunyumba. Anayenda ndi mkanjo wawo woyera ndi kofia kudutsa pakati pa mudzi, kudutsa pamathandala pamene amayi ankatembenuza usipa, kudutsa pamene amuna ankasoka makoka, n'kulowera njira ya kumisasa, imene aliyense ankadziwa kuti ikupita kuti. Ine sindinaone ndi maso anga, ndinali kunyumba. Anandiuza pambuyo pake kuti palibe anaseka. Anthu ankangosiya ntchito n'kuyang'ana kumbali, ngati mmene amachitira munthu wamkulu nsalu ikamuvuka.

Ndinali kuseri kwa mpanda, wailesi ili pamiyendo ikuchita mkokomo wake, pamene ndinaona mapazi awo ataima patsogolo panga. Kumeneko anali asanafikeko chiyambire. Ndinafuna kudzuka, anandiletsa ndi dzanja. Anagwada movutikira, maondo akulira, n'kukhala pansi pafumbi ndi mkanjo wa Lachisanu. M'dzanja lamanzere anali ndi kabotolo, kosakulunga n'komwe. Fungo lija linandipeza lisanatsegulidwe.

"Tsegulani kumbuyoko, akamwini," anatero.

Ndinatsegula ndi sikuludiraiva. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire kabotolo.

"Iyayi. Inu munalumbira. Ine sindinalumbire." Anathyola kaudzu pampanda. "Lozani chabe. Ndi kati?"

Ndinaloza kachitini kaja. Maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndipo dontho loyamba linagwera pambali. Lachiwiri linagwera pa chala chawo chachikulu, n'kutsetsereka mpaka pachikhatho, dzanja limene anali atangolisambitsa popita kukapemphera. Analiyang'ana, osapukuta. Ine nkhope inkayaka, ndinkafuna kunena kuti andikhululukire, koma mawu aliwonse amene ndinawapeza anali aang'ono. Ndinangogwira mkono wawo pamwamba pa mkanjo n'kuusuntha pang'ono. Dontho lachitatu linagwera pamalo pake.

Mawu anabwerera pakati pa dzina la munthu wina wa ku Nkhotakota. Kuseri kwa bango tinamva mkeka ukukwekwesedwa, kuyandikira kumpanda. Apongozi anaviikanso kaudzu m'kabotolo n'kudikira, dzanja lili m'mwamba.

"Ikayamba kufooka mundiuze," ananong'ona. "Makutu angawa sachedwa kunama."

Ndinawauza. Tsiku limenelo dzina la mlamu wanga silinamveke, ndipo mawa lake anabweranso kudzakhala pafumbi pomwepo.